Nyumba ya Susanna: Mbiri ya Amuna Obvala Zacikazi Mobisika ku America

M'caka ca 2004 munthu wina wogulitsa mipando yakale, dzina lace Robert Swope, anapita ku msika wa katundu wakale mu mzinda wa New York. Pakati pa mbale, mabuku ndi zitsulo anapeza bokosi lodzala ndi zithunzi. Pongoziona koyamba zinali zithunzi wamba za amai a pa banja: ena ali kumwa tiyi, ena ali kusewera makadi pa tebulo, ena ataima pa khonde ndi madiresi onga opita nao ku chalichi. Koma atayang'anitsitsa anazindikira kuti anthuwo anali amuna obvala zacikazi. Pa cithunzi cina panaoneka cikwangwani colembedwa mau akuti Casa Susanna, ndiko kunena Nyumba ya Susanna m'cinenero ca ku Spain.

Swope anagula zithunzizo, ndipo mu 2005 iye ndi mnzace Michel Hurst anazisindikiza m'buku. Pamenepo anthu ofufuza mbiri anayamba kufunsa mafunso. Kodi anthuwa anali yani? Anadziwana bwanji? Nanga cinawayendetsa ulendo wautali nciani, kuti akangokhala pa khonde atabvala diresi? Mayankho ace anapezeka m'malamulo akale a mizinda, m'mabuku a milandu, m'makalata, ndi m'kamagazini kena kakang'ono. Zonsezi pamodzi zionetsa m'mene anthu oletsedwa kutuluka pakhomo anapezerana, ndi mtengo umene analipira.

LAMULO LA ZOBVALA

M'caka ca 1848 akulu a mzinda wa Columbus, m'cigawo ca Ohio, anaika lamulo loletsa munthu kuoneka pa mseu atabvala zobvala zimene siziri za mtundu wace, mwamuna zacikazi kapena mkazi zacimuna. Mzinda wa Chicago unatsata mu 1851, San Francisco mu 1863, ndipo pofika 1900 mizinda yoposa 30 inali ndi lamulo lotere. Masiku amenewo mizinda ya ku America inali kukula msanga ndi anthu obwera, osadziwana makolo kapena mudzi wocokera. Kumudzi munthu adziwika ndi abale ace, koma mu mzinda adziwika ndi maonekedwe ace okha. Cotero akulu a mizinda anafuna kuti cobvala cizinena zoona za mwini wace. Panalinso akazi ena amene anayamba kupempha ufulu wosankha nao atsogoleri ndi kubvala mabuluku, ndipo lamulolo linagwira iwonso. Wowerenga wa ku Malawi sadzadabwa kumva kuti boma likhoza kuika lamulo pa zobvala, pakuti kuyambira 1973 kufikira 1993 akazi a dziko lino analetsedwa kubvala mabuluku ndi masiketi aafupi poyera.

Cigawo ca New York cinali ndi lamulo la mtundu wina. Pakati pa 1839 ndi 1845 alimi a m'cigwa ca mtsinje wa Hudson ndi a ku mapiri a Catskill anaukira eni malo, nakana kulipira ndalama za minda imene anali kulimamo. Pokathamangitsa amithenga a boma odzalanda ziweto, alimiwo anali kuphimba nkhope ndi kubvala mikanjo yaitali kuti asadziwike. Tsono mu 1845 boma linaletsa munthu kuyenda pa mseu ataphimba nkhope kapena atadzipaka utoto. Mkangano wa alimi unatha, koma lamulo linatsala m'buku, ndipo patapita zaka 100 apolisi anali kumanga nalo mwamuna wodzola zofiira pa milomo.

Cilango ca ku bwalo la milandu cinali cocepa: faindi, kapena masiku owerengeka m'ndende. Cimene anthuwa anaopa koposa cinali nyuzipepala, cifukwa inali kulemba dzina la womangidwa ndi kumene akhala. M'mawa mwace bwana wa nchito anali atawerenga, apongozi ndi anansi comweco. Nchito inali kutha, ukwati unali kugwedezeka, ndipo pa mlandu wosudzulana woweruza anali ndi mphamvu yoletsa bambo kuona ana ace. Madotolo ambiri a masiku amenewo anayesa khalidweli nthenda ya mutu, kotero kuti ena anatumizidwa ku zipatala za amisala.

Cifukwa cace moyo wa anthu otere unali wa m'cipinda. Munthu anali kusunga diresi ndi nsapato m'sutikesi yokiya, kuseri kwa katundu wina. Mkazi ndi ana akapita kukaceza kwa abale, iye anali kutseka citseko, kugwetsa makatani, kubvala, ndi kudziyang'ana pa kalilole ola limodzi kapena awiri, khutu liri ku mseu. Ambiri analemba pambuyo pace kuti manyazi akawagwira anali kutentha zobvala zonse ndi kulumbira kuti aleka, koma patapita miyezi anali kugulanso zina. Ndipo pafupi-fupi onse ananena cinthu cimodzi: ali yense anakula ali kuganiza kuti pa dziko lonse lapansi wotere ndi iye yekha.

ZIMENE ZINACITIKA KU GERMANY

Woyamba kufufuza nkhaniyi mwadongosolo anali dotolo wa ku Berlin, Magnus Hirschfeld. Mu 1910 anasindikiza buku lochedwa Die Transvestiten, dzina limene analiumba ndi mau a Cilatini onena za kusinthanitsa zobvala. M'bukumo anafotokoza za anthu 17, amuna 16 ndi mkazi mmodzi. Cimene cinadabwitsa owerenga ndi cakuti ambiri a amunawo anali okonda akazi, ena okwatira ndi obala ana. Hirschfeld anaphunzitsa kuti kufuna kubvala zacikazi ndi nkhani ina, kukonda mwamuna mnzako ndi nkhani inanso, ndipo munthu akhoza kukhala ndi cimodzi wopanda cinzace.

Dotoloyo anakambirananso ndi apolisi a ku Berlin, ndipo iwo anayamba kupatsa anthu ena citupa conena kuti mwini wace adziwika ku polisi kuti abvala motero. Wapolisi akamuimitsa pa mseu, munthu anali kungoonetsa citupaco. Mu 1919 Hirschfeld anatsegula nyumba yofufuzira ndi kuthandizira anthu pa nkhani zotere, ndipo pakati pa 1930 ndi 1932 ku Berlin kunatuluka magazini ya iwo okha yochedwa Das 3. Geschlecht.

Zonsezi zinatha mwadzidzidzi. Hitler atatenga boma mu January 1933, anyamata a cipani ca Nazi anathyola nyumba ya Hirschfeld pa 6 May, ndipo pa 10 May anatentha mabuku ndi zolembedwa zace poyera. Mwini wace anali kunja kwa dziko. Sanabwererenso, namwalira ku Nice, m'dziko la France, mu 1935. Ufulu umene anthu anauyesa wokhazikika unafafanizidwa m'sabata limodzi.

MAKALATA NDI MAGAZINI

Ku America njira yoyamba yopezerana inali positi. M'zaka za m'ma 1940 munthu wina wa ku California, Louise Lawrence, amene anabadwa mwamuna koma nakhala ngati mkazi masiku onse, anayamba kulemba makalata kwa anthu amene maina ao anawaona m'nyuzipepala atamangidwa cifukwa ca zobvala. Motero cimene nyuzipepala inacita kuti icititse munthu manyazi cinasanduka njira yompezera mnzace. Pang'ono-pang'ono Lawrence anasonkhanitsa maina ndi makeyala ambiri, nathandizanso Alfred Kinsey, katswiri wofufuza za moyo wa amuna ndi akazi, kudziwa anthu amenewa.

Mmodzi wa odziwana ndi Lawrence anali munthu amene mbiri imdziwa ndi dzina lakuti Virginia Prince. Anabadwa ku Los Angeles mu 1912, mwana wa dotolo, ndipo mu 1939 anatsiriza maphunziro apamwamba a za mankhwala. Ukwati wace woyamba unatha pa bwalo la milandu, ndipo manyuzipepala anaulula cinsinsi cace kwa mzinda wonse. Pakuti cimene anali kuopa cinali citacitika kale, analibenso cobisa. Mu 1952 iye ndi anzace anayesa kutulutsa kanyuzi, koma kanatuluka kawiri kokha. Mu 1960 anayambanso. Anthu 25 anapereka madola 4 ali yense, ndipo ndi madola 100 amenewo inabadwa magazini ya Transvestia, yotuluka kamodzi pa miyezi iwiri. Prince anaiyendetsa kufikira itakwana manambala 100, pafupi-fupi zaka 20.

Zam'kati mwace zambiri zinalembedwa ndi owerenga eni ace. Munali mbiri za moyo wao, ndakatulo, nthano, zithunzi, ndi malangizo a nchito ya manja: kametedwe ka ndebvu kuti zisaoneke, kasankhidwe ka diresi lokwana mapewa aakulu, kayendedwe ndi nsapato za gogoda, ndi kayankhulidwe pouza mkazi wako zoona. Wolemba ali yense anali kusaina dzina lacikazi limene anadzisankhira, osati dzina lace la pa nchito. Wofuna kulembera mnzace anali kutumiza kalata ku ofesi ya magazini italembedwa nambala, ndipo a ku ofesi ndiwo anali kuipititsa kwa mwini wace. Ambiri anabwereka kabokosi ku positi ofesi kuti magaziniyo isafike pakhomo. Kwa munthu wa m'tauni yaing'ono, amene sanaonepo wina wonga iye, envulopu imeneyo inali ngati mlendo wocokera kwao. Akulu anati kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu.

Komatu positi inali ndi zoopsa zace. Lamulo la America linaletsa kutumiza zolaula m'makalata, ndipo panali anyakwawa a positi otsegula makalata okaikitsa. Mu 1961 Prince anazengedwa mlandu cifukwa ca kalata ina yaumwini imene analembera munthu wina. Anabvomera mlanduwo, napatsidwa zaka 5 zokhala kunja kwa ndende koma moyang'aniridwa, ndipo pa nthawiyo kubvala zacikazi pa mseu kukadamlowetsa m'ndende. Loya wace anapempha woweruza kuti amlole kubvala pamene ali kuphunzitsa anthu za nkhaniyi, ndipo woweruza analola. Cotero Prince anayamba kuyankhula pa misonkhano ya amalonda ndi magulu ena atabvala diresi. Mlandu umene unayenera kumtsekera m'nyumba ndiwo unamtulutsa poyera.

MSONKHANO WOYAMBA

Kulemberana makalata ndi cinthu cina, kuonana maso ndi maso ndi cinanso. Ca mu 1961 Prince anaitana owerenga ena a ku Los Angeles kuti akomane m'nyumba imodzi. Bvuto linali lakuti panalibe wokhulupirira mnzace, pakuti wina akadakhala wapolisi wodzibisa, kapena munthu wofuna kudya ndalama za anzace powaopseza kuti awaulula. Prince anapeza nzeru. Anauza onse kuti abwere atabvala zacimuna, koma ali yense atanyamula thumba la pepala muli masokosi aatali acikazi ndi nsapato za gogoda. Atakhala pansi, anthu ngati 12, onse anabvala zinthuzo nthawi imodzi. Kucokera pamenepo panalibe wokhoza kuneneza mnzace osadzinenera yekha. Kaguluko kanachedwa Hose and Heels Club, kunena masokosi ndi nsapato zija.

Mu 1962 kaguluko kanakula kukhala bungwe la dziko lonse, Foundation for Personality Expression, lokhala ndi nthambi m'mizinda yosiyana-siyana. Wofuna kulowa anayenera kuyamba wawerenga magazini nthawi ndithu, ndi kufunsidwa mafunso ndi membala wakale. Misonkhano inali kucitika m'nyumba za mamembala kapena m'zipinda za hotela, makatani otseka. Nzeruyi inaoloka nyanja: ku England kunabadwa Beaumont Society mu 1966, ku maiko a Scandinavia nthambi ina caka comweco, ndi ku Australia Seahorse Society mu 1971.

NYUMBA YA KU MAPIRI

Cipinda ca hotela cinali ndi malire ace, pakuti munalibe dzuwa, udzu kapena mphepo. Cimene anthuwa analakalaka cinali cinthu cacing'ono ndithu: kuyenda pabwalo masana. Amene anawapatsa cimeneci anali Tito Arriagada, wobadwira ku Chile mu 1917, amene anadza ku New York nagwira nchito yomasulira zinenero ndi kuulutsa mau pa wailesi. Dzina lace lacikazi linali Susanna Valenti. Tsiku lina analowa m'sitolo yogulitsa mawigi, ndilo tsitsi locita kubvala, nanamizira kuti afuna kugulira mbale wace wamkazi. Mwini sitolo, Marie Tornell, anazindikira msanga mwini weni-weni wa wigiyo, ndipo sanamnyoze. Awiriwo anakondana, nakwatirana mu 1958.

Banjali linali ndi malo aakulu ku mapiri a Catskill, m'dera la Jewett, ulendo wa maola atatu pa galimoto kucoka ku New York. Awa ndi mapiri omwe aja kumene alimi ophimba nkhope anabadwitsa lamulo la 1845. Malowo anawacha Chevalier d'Éon, pokumbukira kazembe ndi kazitape wa mfumu Louis XV ya ku France, amene anabadwa mu 1728, nakhala ngati mkazi kuyambira 1777 kufikira imfa yace ku London mu 1810. Dzina la Beaumont Society licokeranso kwa munthu yemweyo, pakuti dzina la banja lace linali d'Éon de Beaumont. Ca mu 1963 anagulitsa malo oyambawo nagula ena ocepako m'dera lomwelo, ndiwo Casa Susanna.

Alendo anali kufika Lacisanu madzulo ndi masuti ao a ku nchito. Mwa iwo munali oyendetsa ndege, mainjiniya, amalonda, olemba mabuku ndi osunga mabuku. Pa madola 25 munthu anali kupeza pogona, cakudya ndi maphunziro a kadzoledwe ka nkhope kufikira Lamulungu. Marie anali kuphika ndi kupesa mawigi. Susanna anali kulangiza za kayendedwe ndi kakhalidwe, ndipo m'magazini ya Transvestia anali ndi tsamba lace m'mene kawiri-kawiri analemba za "mtsikana wa m'kati", amene anati akhala mwa mwamuna wotere kuyembekeza tsiku lotuluka. Usiku ena anali kuimba ndi kubvina pa kansanja. Koma zithunzi zionetsa kuti nthawi yambiri inapita pa zinthu wamba: kuyala tebulo, kusesa, kusewera masewera a mau, kuceza pa udzu. Mabvalidwe ao sanali a anthu a zisudzo ai. Anali a mai wolemekezeka wa zaka zimenezo, wa mikanda m'khosi ndi kacikwama m'manja.

Msonkhano waukulu unacitika kumapeto kwa October 1962, pa nyengo ya Halloween, tsiku limene anthu a ku America abvala zodzibisa mwa masewera ndipo apolisi salabadira zobvala. Kunasonkhana obvala zacikazi 71, pamodzi ndi akazi a ena mwa iwo ndi akatswiri owerengeka a za maganizo. Virginia Prince anabwera kucokera ku California. Anthu amene anadziwana zaka ziwiri ndi maina a m'magazini okha anagwirana canza tsiku limenelo.

Zithunzi zinali ndi nchito yaikulu pa moyo umenewu. Kalilole aonetsa munthu kanthawi kocepa, koma cithunzi cikhala, ndipo munthu akhoza kuciyang'ana pakati pa sabata ali m'suti, kapena kucitumiza kwa mnzace wakutali. Coopsa cinali kutsukitsa filimu ku sitolo, kumene wanchito akadaona zonse. Cifukwa cace ambiri anakonda kamera ya Polaroid, imene inayamba kugulitsidwa mu 1948, yotulutsa cithunzi yokha m'mphindi imodzi. Enanso anapereka mafilimu ao kwa mnzao wa m'gulu, wodziwika ndi dzina lakuti Andrea Susan, amene anali kutsuka yekha.

Kuti kunja kunali koopsabe kunaoneka mu 1964, pamene mmodzi wa gululi, Felicity Chandelle, woyendetsa ndege wa zaka zambiri pa nchito, anamangidwa ku New York ali kuyenda pafupi ndi kwao atabvala zacikazi. Anamzenga ndi lamulo lija la 1845, namtsutsa, ndipo nchito inamthera. Owerenga Transvestia anasonkha ndalama zocitira apilo, koma mabwalo aakulu sanasinthe ciweruzo. Ngakhale anagonja, anthu obisalawa anasenza pamodzi mlandu wa mnzao. Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.

AKAZI AO, NDI AMENE ANATSALA KUNJA

Mbiri yoona iyenera kuchula amene analipira mtengo osafunsidwa. Akazi ambiri anakwatiwa osadziwa kanthu, nadzazindikira patapita zaka, mwina popeza sutikesi ija. Ena anapirira, ena anaperekeza amuna ao ku mapiri ndi kuwasokera madiresi, ena anacoka. Ndalama ndi masiku a cuti zimene zinapita ku zobvala ndi maulendo zinacokera m'thumba la banja, ndipo mkazi wodziwa cinsinsi anasanduka nayenso wobisa, wosakhoza kuuza ngakhale mai wace. Mu 1967 Prince analemba buku la akazi otere, The Transvestite and His Wife, koma cinali codziwika kuti cifuno cace cacikulu cinali cakuti mkazi abvomere. Marie Tornell akumbukika cifukwa akazi onga iye anali owerengeka.

Ndiponso citseko ca bungwe la Prince sicinatsegukire onse. Iye anakana amuna okonda amuna anzao, nakananso ofuna kusintha thupi ku cipatala, monga anacitira Christine Jorgensen, amene mbiri yace inamveka pa dziko lonse mu 1952. Prince anaganiza kuti anthu adzalekerera obvala zacikazi pokha-pokha akaoneka kuti ndi amuna okwatira ndi olemekezeka. Motero anthu okanidwa anakananso anzao. Tsono alendo a ku mapiri anali pafupi-fupi onse Azungu a nchito zabwino, okhala ndi galimoto ndi ndalama. Amphawi, ndi acinyamata akuda kapena ocokera ku maiko a Latin America amene makolo anawapitikitsa, analibe cipinda cotseka. Iwo anabvala pa mseu cifukwa mseu ndiwo unali kwao, ndipo ndiwo analawa zibonga za apolisi. Ndiwonso amene anabwezera: pa nyumba yodyera ya Compton ku San Francisco mu 1966, ndi pa Stonewall ku New York mu June 1969 pamodzi ndi ena ambiri. Mu 1970 awiri a iwo, Sylvia Rivera ndi Marsha P. Johnson, anayambitsa kagulu kopezera pogona acinyamata otere.

Ngakhale pakati pa alendo a Casa Susanna njira zinasiyana. Ambiri anakhalabe amuna a pa banja obvala mwa kamodzi-kamodzi kufikira ukalamba. Ena anazindikira kuti masiku awiri pa sabata sawakwanira. Prince mwini wace anayamba kukhala ngati mkazi masiku onse mu 1968, ndipo Susanna analengeza zocita comweco mu 1969. Katherine Cummings, wosunga mabuku wa ku Australia amene anacezako ali wophunzira ku Toronto, anadzasintha moyo wace wonse patapita zaka zoposa 20, nalemba buku la mbiri yace. Nyumba imodzi inasunga anthu a zifukwa zosiyana, amene pa nthawiyo analibe mau owasiyanitsa.

KUTHA KWACE

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 alendo anayamba kucepa, ndipo Casa Susanna inatsekedwa. Malamulo a zobvala nawo anayamba kugwa. San Francisco inafafaniza lace mu 1974. Mu 1975 bwalo lalikulu la Ohio linathetsa lamulo la Columbus, ponena kuti mabvalidwe a amuna ndi akazi anali atafanana kotero kuti munthu wamba sakadadziwa cimene ciri coletsedwa. Bwalo lalikulu la Illinois linaweruza motsutsa lamulo la Chicago mu 1978. Bungwe la Prince linaphatikana ndi lina mu 1976, ndipo iye anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 96. Mu 2019 bungwe la za umoyo la dziko lonse, World Health Organization, linabvomereza mndandanda watsopano wa matenda m'mene kubvala zobvala za mtundu wina sikuwerengedwanso nthenda.

Anthu aweruza khalidweli mosiyana. Akristu ambiri alitsutsa potsata Deuteronomo 22:5, ndipo miyambo ya mitundu yambiri isiyanitsa kolimba ca mwamuna ndi ca mkazi. Mbiri siingathetse mkangano umenewo, koma ikhoza kunena cimene cinacitika. Zaka zoposa 100 za malamulo, ndende ndi manyazi sizinacotse khalidweli mwa anthu amene anali nalo. Zinangowatsekera m'zipinda, ndi kuonjezera mabodza m'mabanja ao.

Kwa mphunzitsi wa mbiri, nkhaniyi iri ndi phunziro la kagwiridwe ka umboni. Buku la polisi licha munthu wopalamula, buku la dotolo limucha wodwala, nyuzipepala imucha coseketsa, ndipo cithunzi cimene anajambulitsa yekha cimuonetsa ali kuthira tiyi. Zonse zinai zinena za munthu mmodzi, ndipo ciri conse cinalembedwa ndi wina wokhala ndi cifuno cace. Ana a sukulu ayenera kuzolowera kufunsa kuti analemba ndani, analembera yani, ndipo amene sanafunsidwe ndani. Pa nkhani iyi osafunsidwa anali akazi a m'nyumba ndi acinyamata a pa mseu.

Liripo phunziro lina la m'kalasi. Pafupi-fupi mbiri zonse za m'magazini ija ziyamba pa ubwana, pa zaka zimene mwana ali ku sukulu ya pulaimale, ndipo zinena za mantha a kusekedwa. M'kalasi iri yonse mukhoza kupezeka mwana amene anzace amseka cifukwa ca mayendedwe, mau kapena masewera amene akonda. Mphunzitsi safunika kudziwa za mtsogolo mwa mwanayo kuti aletse kusekako. Akaseka nao, kalasi lonse liphunzira kuti nkololedwa; akaletsa, mwanayo apitiriza kubwera ku sukulu ndi kuphunzira kuwerenga monga anzace.

Zithunzi za Swope, zokwana 340, zinagulidwa mu 2015 ndi nyumba yosungira zaluso ya Art Gallery of Ontario ku Toronto. Mu 2014 Harvey Fierstein analemba sewero lochedwa Casa Valentina potsata mbiriyi, ndipo mu 2022 Sébastien Lifshitz anajambula kanema m'mene okalamba awiri amene anacezako anabwerera kukaona nyumbayo. Anthu amene anaopa wanchito mmodzi wa m'sitolo yotsuka mafilimu aonedwa tsopano ndi anthu zikwi-zikwi. Ambiri a iwo maina ao a pa nchito sadziwika kufikira lero. Pansi pa zithunzi zao palembedwa maina acikazi okha, amene anadzisankhira eni ace.